Njerwa Chikwi ndi Imodzi za Mayi Nankhoma

Kalekale, tsiku lomanga chiliza cha mayi Nankhoma, kumanda kunafika ana awo atatu, Enelesi, Feliya ndi Dolika, kudzanso mmisiri, bambo Kalilangwe. Malume awo sanaoneke, ati mwendo. Akamwini anatulukira nthawi ya thobwa basi.

Njerwazo mayiwo anaumba okha, naotcha okha asanadwale, ndipo anasiya mawu: isatsale ngakhale imodzi, isaswedwe, isabwerekedwe ya kwina, mizere ikhale yofanana. Mwana amene adzawagoneke motero, dimba la kumtsinje ndi lake.

Mudzi wonse unkati njerwazo ndi chikwi. Mmisiri anali atakonza kale zake: mizere khumi, uliwonse njerwa zana. Koma Enelesi, wamkuluyo, mtima unakana. Amayi ake sanali munthu wopereka dimba pa ntchito yophweka chotero. Anagwada nayamba kuwerenga, zikakwana khumi akuponya njere ya chimanga m'chitenje. Anabwereza kawiri. Chikwi ndi imodzi!

Mmisiri anaseka, nati kamodziko angokaponya kutchire, akufa sawerenga.

"Simukuwadziwa amayi inu," anatero Enelesi, nakhala pamulu wa njerwazo.

Bamboyo anati dzuwa likafika paliwombo njira isanapezeke, iye azipita, adzamange okha mvula itagwa.

Feliya, wogulitsa tomato pamsika, sanagwire njerwa. Anatsinzina, milomo ikuyenda, akugawa milu m'mutu. Milu iwiri, itsala imodzi. Inayi, isanu, isanu ndi itatu, khumi, chimodzimodzi. Itatu, zitsala ziwiri. Kenaka anadumpha mpaka duku kugwa: "Achemwali, isanu ndi iwiri yalowa!" Mulu uliwonse njerwa zana limodzi, makumi anayi ndi zitatu, osatsala kanthu. Anaunjika milu ija ali thukuta kamukamu, nthungululu ili pakamwa.

Mmisiri anatambasula chingwe, napukusa mutu. Mulu uliwonse ukanakhala mzere umodzi, ndipo mzere wautali chotero ukanazungulira ndi manda a eni ake omwe. "Limenelo ndi khola la mbuzi, amayi, si chiliza."

Mithunzi inali ikufupika. Enelesi anayang'ana Dolika, chitsirizira. Dolika anapita pa mulu umodzi nayamba kuyala njerwa pansi monga amayalira mandasi pamphasa. Anati khumi wakana kale, ndiye ayese womutsatira. Anayala khumi ndi imodzi, khumi ndi imodzi, mpaka mulu unatha psiti, timizere khumi ndi titatu. Anatero ndi milu yonse. Kenaka anatola kamzere kamodzi pa mulu uliwonse, nalumikiza: njerwa makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi ziwiri. Mmisiri atayeza ndi chingwe, mzerewo unakwana pamanda a mayiwo ndendende!

Mizere khumi ndi itatu inakwera tsiku lomwelo. Njerwa yomaliza itakhala pamalo pake, Enelesi anavina akulira, ang'ono ake atamukolowekera m'khosi.

Mkangano unabuka panjira yobwerera. Enelesi anati popanda kuwerenga kwake, amayi akanagona ndi bodza. Feliya anati kuwerenga ngakhale mwana amawerenga, amene anang'amba chiwerengero chokanika chija ndi iye. Dolika anangofunsa kuti kodi chimene chaima kumandako ndi khola kapena chiliza.

Mmisiri analandira zake. Amayi analandira chiliza chawo, njerwa zonse zilimo. Chatsala ndi dimba, ndipo ndi laling'ono, la chitsime chimodzi, losati nkuligawa patatu. Mpaka lero khasu silinalowemo.

Nanga inu, mwa ana atatuwa, amene anagoneka amayi ake ndani, kuti atenge dimbalo?