Nyimbo ya Nkhanga pa Nsanja ya a Njati

Padangokhala, kale lija nyama zikadagwira makasu. Akuti miyendo yakumbuyo ya a Fisi idafooka chifukwa cha nyimbo ya Nkhanga. Ine nkhaniyi ndimaikhulupirira mbali imodzi, poti adandiuza ndi munthu wapakamwa ngati ine ndemwe. Koma senderani kuno ana inu, muweruze nokha.

A Njati adali ndi munda waukulu wa mapira ofiira, mbewu imene m'dera lonselo idali kwa iwo okha. Mapira akayamba kucha, mpheta zinkabwera ngati mtambo. Ndiye adalemba alonda awiri. Nsanja yakumtunda adapatsa a Fisi, amenenso adali kapitawo. Nsanja yakumunsi, kumalire ndi munda wa a Njovu, adapatsa Nkhanga, mayi wamasiye wa ana piringupiringu. Ntchito yake idali kukoka chingwe chomangirira zitini ndi kukuwa, kuyambira m'mawa mpaka mpheta zikagone. Malipiro adali mapira, koma pokolola. Ukachotsedwa asanakolole, unkapita chimanjamanja.

Nkhanga ankakoka, nkumakuwa. Kukoka, nkumakuwa. Koma mumtima ankati, “Akakolola ntchito yatha. Nanga m'chilimwe ana anga adzadya mapesi?” Kutsika pansanja kuti akafunsire kwina sakadatha, poti mpheta sizidikira. Ndiye mayiyo, nzeru zake, adangowonjezera mawu pa nyimbo yake yopirikitsira mbalame:

Uluka mpheta, uluka,
Mapira ano ali ndi mwini.
Uluka mpheta, uluka,
Wofuna mlonda akakolola, ndili pano.

Aliyense wodutsa m'njira ankaimva. Chodabwitsa nchakuti dzuwa likafika pamutu, zitini zakumtunda zinkangoti zii. A Fisi ankati nthawi imeneyo amakhala akuyendera munda.

Tsiku lina a Fisi adatulukira pansi pa nsanja, maso ali psuu.

“Mayi, mawu omalizawo mwati chiyani?”

“Mwawamva bwino akapitawo. Makutu anu ndi aakulu kuposa anga.”

“Ukudya kwa a Njati, maso ali kwa a Njovu. Zimenezo nchimodzimodzi mkazi wapabanja kudzolera mafuta amuna a eni.”

“Banja lino likutha pokolola, akapitawo. Pambuyo pake mwandilonjeza chiyani? Yang'anani kaye ngala zanga, muone ngati ilipo yodyedwa.”

A Fisi sadayang'ane nkomwe. “Mawa ndikubwera ndi bwana. Mapira ako uiwale.”

Nkhanga adatsala yekha pansanja. Adaganiza zosiya nyimbo ija, nkudzagwada pamaso pa bwana. Koma adadzifunsa kuti, “Ndaba chiyani? Chingwe chili m'manja, maso ali pa mapira. Pakamwa pokha ndipo pakugwira ntchito ziwiri.” M'mawa mwake adakwera pansanja, nkuyimba mokweza kuposa dzulo.

Uluka mpheta, uluka,
Wofuna mlonda akakolola, ndili pano.

A Njati adafika akupumira m'mwamba, a Fisi ali pambuyo kusonkhezera moto.

“Iwe Nkhanga, ndamva kuti ukudzitsatsa uli pansanja yanga.”

Nkhanga adayankha chingwe osachisiya. “Zoona bwana. Mpaka ngala yomaliza ilowe m'nkhokwe, ndine wanu. Ikalowa, ndine wa ana anga.”

“Mwamva mwano wake?” adatero a Fisi. “Achoke lero lomwe.”

A Njati asanatsegule pakamwa, nthaka idayamba kunjenjemera. A Njovu awo, dengu lili lendelende pachitamba.

“Achimwene a Njati,” adatero a Njovu, “ndabwera ndi dandaulo, ndabweranso ndi pempho. Mpheta zonse zothawa mayi uyu zikutera kwanga. Mukakolola ndipatseni ameneyu, azikandilondera dimba ndi nkhokwe chaka chonse. Nyimbo yakeyo yandilowa, mpaka ndikumayimba posamba.”

Nkhanga adamva zonsezo akukokabe chingwe.

“Nanga dengulo?” adafunsa a Njati.

“Ili ndikubweza. Wantchito wanu winayu amabwera kwanga masana aliwonse kudzapempha ukapitawo. Dzulo wandisiyira ili, ati ndimuganizire. Tsono ine ndaona kuti mapira ake ndi ofiira.”

A Njati adasuzumira m'dengu. Adayang'ana a Fisi. Adasuzumiranso m'dengu.

“Si ine bwana,” adatero a Fisi, mawu akutuluka pang'ono ngati a udzudzu. “Ndili ndi m'bale wanga kutsidya, timafanana kwambiri. Ngakhale mayi athu ankatisokoneza.”

“Chabwino,” adatero a Njati. “Tiyeni tikaone kumtunda kumene mumakhala inu enieni.”

Onse adanyamuka kupatula Nkhanga, amene adati, “Pitani bwana, ine ndili pantchito.” Atafika kumtunda, amayi inu! Ngala zonse mbee, kwatsala mapesi okhaokha. Mpheta zidakhuta mpaka zina zinkalephera kuuluka, zina zitagona m'zitini momwemo. Pomwepo miyendo yakumbuyo ya a Fisi idalobodoka, ndipo mpaka lero sidawongoke. Mukadzawaona akuyenda mudzandivomereza.

A Njati adabwerera kumunsi, nkuima pansi pa nsanja. “Mayi Nkhanga, imbani mmene mungafunire. Mapira amene ndikolole chaka chino ndi amene mwapulumutsa inu.”

Atakolola, Nkhanga adasenza mapira ake, nkuwonjezeredwa ndi gawo la a Fisi. Adasamukira kwa a Njovu ana ali ndondondo pambuyo, ndipo chilimwe chimenecho anawo adanenepa mpaka mawanga awo ankawala. Podutsa pakhomo pa a Fisi, anawo ankayimba “Uluka mpheta” mokweza dala, mayi wawo nkumanamizira kuwaletsa.

A Fisi adakanabe kwa nthawi yaitali. M'bale wakutsidya, m'bale wakutsidya. Koma akazi awo adatopa nazo, nkunena kuti, “Bambo, tiyeni mukandionetse alamu angawo, apo ayi ndikupita kwathu.” Apo mpamene a Fisi adaulula kwa akazi awo kuti m'bale kulibe, dengu adasenza okha, ndipo chidawawawa kwambiri nchakuti pamene iwo ankagwada kupempha ukapitawo, a Njovu ankangong'ung'udza nyimbo ya Nkhanga. Akazi awowo adalumbira kuti sauza munthu. Adangouza mmodzi yekha pachitsime, ndipo mmodziyo ndi amene adauza azakhali anga.

Nthano yanga yathera pompo, ana inu: kufuna ntchito ina si mlandu, mlandu nkusiya chingwe cha mwini chili lende.