Mano a Chitseko cha pa Damu

Nanzikambe ndi Njiri anapatsidwa ntchito imodzi, ndipo amene anawaphatikiza sanaganize bwino. Nyama za m'chigwa cha Kapirinjoti zinkafuna chitseko chatsopano pa damu lawo, choti madzi akachuluka zizichikweza kuti madziwo azitulukira m'ngalande. Kumunsi kwa damulo kunali una wa Mfuko ndi ana ake asanu ndi mmodzi. Aliyense ankadziwa kuti khoma likadzagumuka, oyamba kumira adzakhala iwowo.

Nanzikambe anali katswiri wojambula makina pakompyuta, koma mantha ake anali ochititsa manyazi. Tsamba likagwa kumbuyo kwake, ankasintha mtundu katatu asanacheuke. Njiri ndiye ankasula zitsulo, ndipo sankadziwa kuyankhula popanda kufwenthera ndi kugwedeza minyanga.

Chitsekocho chinkafunika zinthu ziwiri: chitsulo chachitali chamano, ndi gudumu laling'ono loluma m'mano a chitsulocho. Wina akapukusa chogwirira, gudumu lizungulire, chitsulo chikwere, chitseko chitsatire. Nanzikambe anajambula zonsezi, kenako analamula pulogalamu yake kuti gudumu likazungulira, chitsulo chizikwera. Nyama zitabwera kudzaona, chithunzi chinayenda bwinobwino mpaka zina zinalulutira.

"Zatheka. Bweretsani miyeso ndikayambe," anatero Njiri.

"Mwina ndikanayang'ananso kaye, achimwene," anatero Nanzikambe chapansipansi.

"Mwati chiyani?"

"Ayi, palibe."

Patapita masiku atatu Nanzikambe anakulitsa chithunzicho kuti aone pamene mano amalumana. Mano a gudumu ankadutsa m'kati mwa mano a chitsulo ngati utsi. Pa chitsulo anali atatalikiranitsa mano ndi mamilimita khumi ndi awiri, pomwe pa gudumu anaika khumi okha. Kompyuta sinkayang'ana mano ayi, inkangomvera lamulo loti izi zikazungulira, izo zikwere.

Anauyamba wopita ku chipala kwa Njiri, mwendo kutsogolo, mwendo kumbuyo, mpaka anafika dzuwa lili paliwombo. Anapeza gudumu latsala mano awiri kuti lithe, mwiniwake ali thukuta kamukamu.

"Masiku atatu msana uli chiweramire," anatero Njiri osadzutsa mutu. "Wina angoyerekeza kundiuza kuti ndibwereze, aona polekera. Mwadzatani?"

"Ndimangodutsa, achimwene."

Anabwerera akudziuza kuti anena mawa. Mawa litafika anati mkuja, ndipo paja zengerezu analinda kwawukwawu. Tsiku loika chitseko, Njiri anapukusa chogwirira, dzino limodzi n'kuluma, madzi n'kuyamba kutuluka. Unali mwezi wa Okutobala, madzi ali osowa, choncho anatsekanso msanga osayesa dzino lachiwiri.

"A Nanzikambe, Mulungu akudalitseni," anatero Mfuko akupapasa kuti amugwire dzanja, poti maso ake sankaona patali. "Chaka chino ana anga akhala mtima uli m'malo."

Nanzikambe anayera mbuu. Kuyambira tsiku limenelo ntchentche sizinkatsikanso kukhosi kwake. Diso limodzi linkakhala pa damu, lina kumitambo, ndipo kamtambo kalikonse kankamunjenjemeretsa.

Mvula yaikulu inabwera mu Januwale. Inagwa masiku anayi osakata, ndipo m'mawa wa tsiku lachisanu madzi anafika pamlomo pa khoma, ofiira, atanyamula zitsa. Njiri anathamangira ku chitseko, Nanzikambe atakakamira pamsana pake. Anapukusa. Dzino loyamba linaluma, lachiwiri linalira, lachitatu linakwera pamwamba pa linzake n'kukanirira pomwepo.

Njiri anakankha ndi phewa mpaka chogwirira chinapindika, koma chitseko sichinasunthe. Pansi pa mapazi awo khoma linkanjenjemera, ndipo timadzi tinali titayamba kale kudontha m'ming'alu.

"Sichikwera, achimwene," analira Nanzikambe. "Mano ake ndi osiyana. Ndinalakwitsa miyeso ndine."

Anatsinzina, kudikira minyanga ya Njiri. Koma minyangayo sinabwere.

"Munadziwa liti?" anafunsa Njiri, mawu ake ali otsika.

"Gudumu lisanathe."

"Sabata imodzi ikanandikwanira kusula lina. Ndikanakalipa, inde, koma ndikanasula."

Njiri anatsitsira Nanzikambe pa nthambi ya mkuyu n'kuthamangira kumunsi, akukuwa kuti onse atuluke m'mauna. Anafukula una wa Mfuko ndi minyanga yake, ananyamula amene anawapeza, ndipo ali pakati pa chitunda, khoma linagumuka. Phokoso lake linamveka mpaka kuseri kwa phiri.

Madzulo mvula inakata. Nyama zinaunjikana pansi pa mkuyu uja, zili matope okhaokha. Mfuko ankanunkhiza ana ake mmodzimmodzi, kufika pa wachinayi, n'kuyambiranso. Palibe amene anali atamuuza za mano aja.

"A Nanzikambe, muli pompano?" anaitana. "Inu maso anu amaona mbali zonse. Takwerani pamwamba mundionereko awiri enawo."

Nanzikambe anakwera mpaka kunsonga. Anatembenuza diso lina kum'mawa, lina kumadzulo, ndipo konse kunali madzi okhaokha. Pansi Mfuko anali chidikirire yankho, mutu uli m'mwamba.

Phunziro: Ukaona cholakwa pa ntchito yako, chinene nthawi yokonza ikadalipo. Ukali wa mnzako umatha tsiku lomwelo, koma zimene mantha ako abisa zimadzagwera ena osalakwa.