Telala Amene Anaima Panjanji

Panali telala wina amene ankasoka pakhonde la golosale, pafupi ndi siteshoni. Munthuyu ankakonda sitima. Akangomva hutala chapatali ankasiya makina, kutenga foni, ulendo kukajambula. Zithunzizo ankatumizira anzake, iwo n'kumamutama.

Koma zonse zinali zojambulira m'mbali. Mtima wake unkalakalaka chimodzi chakutsogolo, sitima ikubwera maso ndi maso.

Mkazi wake anati, "Bambo, njanjitu si msewu. Sitima sikhotera munthu."

Iye anati, "Moyo ndi wanga, miyendo ndi yanganso. Ndikulakwira ndani?"

Tsiku lina masana anakaima pakati pa njanji. Sitima ya malasha inatulukira. Hutala inalira, inaliranso, osalekeza. Zitsulo zinalira kwiii! Iye phee, kudikira kuti iyandikire. Anajambula, n'kudumpha. Mphepo ya mabogi inamuwomba kumsana, ndipo anadzuka m'udzu akuseka.

Sitimayo inakaima pasiteshoni kudikira inzake kuti zipatukirane. Telala anathamangira komweko kuti akaonetse anthu chithunzi chake. Anapeza woyendetsa sitimayo, bambo wa imvi, atakhala pansi, atatsamira khoma. Mayi wina wogulitsa mandasi anali atawapatsa madzi, koma madziwo ankangowatayikira pamalaya. Mayiyo anangogwada n'kuwagwirizira kapu.

Bambowo atakweza maso anamuzindikira. Telala anayembekezera kutukwanidwa.

"Ndinu munali paja, achimwene? Simunavulale?"

"Ayi, bambo."

"Zikomo. Tandionetsani chithunzicho." Anachiyang'ana nthawi ndithu. "Chatuluka bwino. Inetu sindinaone kuti mwadumpha. Ndinali nditatsinzina."

Telala anachikuza chithunzicho ndi zala. Pawindo la sitima panali munthu, mkono utaphimba kumaso, ngati mwana woyembekezera kumenyedwa. Chimenecho ndicho anajambula. Chimenecho ndicho ankathamanga nacho kuti anthu amutame.

Hutala ya sitima ina inamveka. Bambowo anadzuka pang'onopang'ono, n'kusansa thalauza.

"Mawa mukaime pachulu chimene chili kuseri kwa mpanda wa siteshoni. M'pamene sitima imaoneka bwino. Ndidzakukwezerani dzanja."

Telala anasowa poyang'ana. Bambowo akanamulalatira bwenzi atapeza choyankha. Foni inalira, anzake akufunsa, "Watha? Tumiza tione!" Sanatumize. Anabwerera pakhonde paja, koma ulusi unakana kulowa pasingano mpaka dzuwa kupendeka.

Amayi anzanga, ndi inu abale, fanizoli si la telala yekha. Nanenso ndili momwemo. Timakonda kunena kuti moyo ndi wanga, ndikagwa ndigwa ndekha. Timaima pamalo oopsa, timapulumuka, timaseka, n'kumati taonani, palibe chachitika. Koma chachitika. Alipo wina amene watsinzina chifukwa cha ife. Mwina ndi mayi wokalamba kumudzi, mwina mnzathu wa m'banja, mwina mwana amene amangotiyang'ana osanena kanthu. Ife tikasangalala ndi kulimba mtima kwathu, mantha amasenza ndi iwo.

Mulungu sanatipatse moyo woti tikhale nawo tokha. Ndipo tikabwera kwa Iye ndi zimene tachita, sayamba ndi kutikalipira. Amayamba wafunsa ngati tavulala, kenako amatilozera poyenera kuima. Manyazi amene timamva pamenepo tisawathawe. Ndi amene amatichotsa panjanji tidakali ndi miyendo yathu.