Mpweya wa m'Chubu cha Thirakitala

Kwathu kuno sukulu tinaitsanzika tili Sitandade 4, koma nkhani iyi ngakhale ife tinaimva.

Bwana Kachingwe, mwini esiteti, anachokera ku msonkhano wa m'tauni atamva kuti kunja kuli makina okoka mpweya woipa m'mlengalenga. Pofika anapeza mkulu wina, Phwitiko, akuotcha njerwa pamalo a bwanayo, utsi uli tolotolo.

"Mpweya umenewu ndi umene ukutithawitsira mvula," anatero bwanayo. "Lamulo pano ndi ili: woutulutsa, akautole. Ukalephera pofika Lachisanu, uvuniwu ndigumula."

Phwitiko, munthu woti ngakhale nkhuku imamulaka kugwira, anangoti, "Chabwino, bwana."

Lachisanu anatulukira akugubuduza chubu cha thirakitala chimene anapopa ndi pampu ya njinga, thukuta lili kamukamu. Antchito onse anasonkhana.

"Wonse uli umu, bwana. Wina ndakautola kuseri kwa phiri. Koma chonde musatsegule."

"Ukundiyesa mwana iwe? Nditsimikiza bwanji?"

Bwana anatenga kamtengo ka machesi n'kubaya pavalavu. Psiii! Chubu chija chinaphweratu.

Phwitiko anagwira kumutu. "Mayo ine, ntchito ya sabata yathunthu! Anthuni, mwamuona nokha amene wautulutsa?"

Antchito anazolika, mapewa okha akugwedezeka.

"Lamulo ndi lanu lomwe, bwana," anatero Phwitiko mwaulemu. "Pampu ndikubwerekani. Muyambire kumpotoku, ndiko wathawira."

Uvuni uja ulipobe. Mvula nayo ikuchedwabe, ndipo ife mpaka lero tikadatsutsana, ena akuti bwana akanapanda kutsegula chubu, bwenzi chimanga chitacha.