Tsiku limene adona anaberekedwa

Pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, nyumba za mabwana zili pamtunda, malayini a antchito ali kumunsi. Triza anafika pamtundapo kuchokera ku Lilongwe ndi mwamuna wake Keith, wachiwiri kwa manijala. Antchito ankamutcha adona, ndipo dzinalo linamukomera.

Kuno maliro saitanira munthu. Masamba akaikidwa pamsewu, wanjinga amatsika, wagalimoto amayenda ngati nkhono, kenako umakakhala nawo pamphasa ngakhale pang'ono. Atamwalira a Fabiano, amuna awo a mayi Teleza othyola tiyi, Triza anaponda masambawo ndi galimoto, akuimba hutala kuti olira apatuke. Kapitawo Blackson anakwera mtunda kukamudandaulira.

"Adona, kuno sititero. Mukangoonekera, mitima ya anthu ikhala pansi."

"Maliro a kumalayini andikhudza pati ine?" anatero Triza. "Ndikadwala ndili ndi dokotala wanga ku Blantyre. Tsekani geti potuluka."

Anthu atamva zimenezi, anangozisunga mumtima.

Mu Januwale, mvula ili pakati, kolera inalowa m'malayini. Munthu ankathyola tiyi m'mawa, madzulo ali m'thumba la pulasitiki, azaumoyo akumuika m'manda popanda kumusambitsa, popanda nyimbo. Anthu anasiya kupatsana moni wa m'manja. Mimba ikangolira, mwini wake ankayang'ana uku ndi uku.

Lachiwiri lina m'mawa, a Andreya, wophika wa adona, anafika pasikelo yoyezera tiyi ali wefuwefu.

"Adona akutha! Akutsegula madzi okhaokha ngati otsukira mpunga. Bwana ali ku Limbe, mtsinje wasefukira pamlatho, galimoto siingadutse. Ine sindibwererako, ndili ndi ana."

Mayi wina, Tisungane, anati, "Aimbe hutala, kolera ipatuke."

Ena anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa mantha. Mayi Teleza anatula dengu lawo pansi, namanga chitenje.

"Amayi, mwapenga?" anatero Tisungane. "Mkazi amene anaponda maliro a amuna anu? Mukatenga matendawo tikuikani m'thumba ngati feteleza!"

"Musaone ngati sindikuopa. Koma Lamulungu ndadya mgonero wa Munthu amene anasambitsa mapazi a Yudasi. Ndiulavule?"

Anakwera mtunda okha. Anamupeza Triza ali gone pasimenti ya kubafa, maso atalowa m'kati, zala zitakwinyika ngati za nkhalamba. Mayi Teleza anavala majumbo m'manja, nasungunula shuga ndi mchere m'madzi owiritsa. Triza atazindikira nkhopeyo anakankha kapu.

"Mwabwera kudzandimaliza?"

"Wokumalizani ali kale m'mimbamo. Imwani, adona, nthawi yocheza palibe."

Anamwa, nasanza, namwanso. Mayi Teleza anamupukuta thupi lonse, kenako anagwada, namukokera kumsana, namumanga ndi chitenje monga amachitira ndi khanda. Chipatala cha esiteti chinali kuseri kwa minda iwiri. Anatsetsereka m'mizere ya tiyi, matope akuterera, zonyansa zikuyenderera pamsana pawo mpaka m'miyendo. Okumana nawo ankalumphira m'tiyi atagwira mphuno. Mutu wa Triza unkagwera uku ndi uku.

"Musagone, adona! Nenani Atate wathu."

Mayi Teleza anapemphera okha mofuula, mawu akudukaduka. Potsikira kukamtsinje maondo anakana, ndipo anagwa chogwada. Anayesa kudzuka kawiri, osatheka. Msana wawo unali utayamba kumva kuzizira kwa thupi linalo.

Apo ndi pamene panamveka kulira kwa wilibala. Anali Blackson, majumbo ali m'manja, nkhope ili pansi.

"Ikani muno, amayi. Manyazi andipha."

Kuchipatala namwino anavutika kupeza mtsempha. Atalowetsa diripi anati, "Mukanachedwa ola limodzi lokha, bwenzi mutabweretsa maliro."

Azaumoyo anawapopera klorini mayi Teleza, chitenje chawo n'kuchitentha. Masiku asanu anakhala okha m'nyumba, anansi akusiya chakudya pakhomo n'kuthawa. Mimba ikalira, ankagwira Baibulo n'kudikira. Matendawo anawalambalala.

Patatha milungu iwiri, Triza anatsika mtunda wapansi, ataonda ngati bango. Anagwada pakhomo pa mayi Teleza, malayini onse akusuzumira.

"Amayi, ndinakulakwirani. Ndikupatseni chiyani?"

"Dzukani, mukudetsa maondo. Ine musandipatse kanthu, amene anandituma ndi wina. Kwa a Tisungane mwana wagona kuyambira dzulo, ndipo palibe wowatungira madzi. Ndowa ndi iyo."

Triza anayang'ana khomo la Tisungane, pomwe fungo la klorini linkachokera. Ananyamula ndowayo.

Sindiwonjezapo zambiri, nkhaniyi yadzinenera yokha. Akuluakulu anati ukakwera pamsana pa njovu, usamati kunja kulibe mame.