Tsamba la Tsabola wa Nasibeko

Kalekale, koma kale losafika kwa makolo, kale la dzana lomweli, ku Bangwe kunali mayi wina dzina lake Nasibeko, amene ankakazinga tsabola wa kambuzi n'kumagulitsa m'mabotolo. Tsabolayo anali wokoma, koma omudziwa anali oyandikana nawo nyumba basi, ndipo ambiri ankabwera ndi supuni, ati kudzalawa. Mayiyu anali wamtima wokayikira. Munthu akamusekerera kwambiri, iye ankayamba wadzifunsa kuti kodi ameneyu akufunanji.

Woyamba kumuthandiza anali mng'ono wake, Mwandida. Anatenga foni, najambula mabotolo padzuwa la m'mawa, n'kutsegula tsamba pa Fesibuku. Anthu anayamba kufunsa mtengo. Koma Nasibeko ataliyang'anitsitsa tsambalo anapeza kuti pachithunzi chilichonse botolo lili kumbali, pakati pali nkhope ya Mwandida, mano onse pamtunda. Ogula ena anafika pomanena kuti tsabola wa Mwandida. "Achemwali, malonda amafuna nkhope yowala," anatero Mwandida. Nasibeko anangoti, "Chabwino."

Wachiwiri anali Abiti Saidi, mnzake wogulitsa tomato pamsika, mayi wosasowa m'gulu lililonse la pa Watsapu: la amayi a m'dera, la zikwati, ngakhale la maliro. Iyeyu anamwaza zithunzizo m'magulu onsewo mpaka tsabola anafika ku Lilongwe pabasi. Zabwino ndithu. Chodabwitsa n'chakuti kuyambira pamenepo ankakonda kudzacheza nthawi yokazinga, maso ali mumphika. "Anzanga, mafutawa mumathira tsabola asanapse kapena atapsa?" Ndipo wina anamuona ku Limbe akugula mabotolo opanda kanthu.

Wachitatu ndiye wovuta kumufotokoza. Anali mlamu wake, a Kachingwe, woyendetsa minibasi, amene sabata yomweyo anali atakangana ndi Nasibeko pa nkhani ya malire a mpanda. Bamboyu anadzijambula akudya tsabolayo, misozi ili chuchuchu, n'kuika kanemayo patsamba lija ndi mawu akuti, "Musagule, uyu ndi moto wa ku gehena." Anthu anaseka, anatumizirana, anakangana, ndipo aliyense wodziyesa mwamuna anafuna kulawa yekha. Mabotolo anatha tsiku lomwelo. Madzulo ake a Kachingwe anatulukira akusisita mimba. "Mwaona nzeru zanga, alamu? Ndinachitira dala." Nasibeko anawapatsa mpando, koma mumtima ankadziwa kuti munthu woponya mwala ukagwetsa bango amanena kuti ankafuna bangolo.

Malonda atafika pokoma chonchi, kunabwera uthenga woti mayi ake adwalika kumapiri a ku Neno, kumene foni imagwira munthu akakwera pachulu. Nasibeko anayenera kupita kukawadwazika, mwina dzinja lonse. Tsabola anali atadzaza kale makatoni, koma tsamba silidikira munthu: likangokhala chete, ogula amaiwala n'kupita kwina. Panafunika kusiyira munthu mmodzi foni ndi nambala yake yachinsinsi, ndipo wogwira zimenezi ndiye wagwira dzina, ogula ndi zonse. Nasibeko anachita mantha enieni, poti chimene chinkadyetsa ana ake tsopano chinali kukwana m'dzanja la munthu wina.

Tsiku la ulendo, onse atatu anabwera okha, osaitanidwa, ndipo zimenezi zinamuwonjezera nkhawa.

"Ndine magazi anu, achemwali, ndipo tsambali ndinalibala ndine," anatero Mwandida.

"Ogula onsewa ndi anthu anga, amandimvera ine," anatero Abiti Saidi.

A Kachingwe anakhosomola. "Awiriwa akufuna tsabola wanu, alamu. Ine sindimufuna n'komwe, amanditentha m'mimba."

Nasibeko anawayang'ana mmodzimmodzi, foni ataifumbata pachifuwa. Popanda mng'ono wake tsamba silikanabadwa, popanda mnzakeyo silikanayenda, popanda mlamu wake silikanatchuka. Koma paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Basi ya ku Neno inali itayamba kuliza hutala kumsewu, chikwama chili pamutu, ndipo manja atatu anali atatambasuka patsogolo pake.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, tandiuzani: foni ija Nasibeko aiike m'dzanja la ndani kuti pobwera adzapeze malondawo akadali ake?