Mabuleki a Pikapu ya a Kachingwe

Kalekale, msewu wa Khwekhwerere utangothiridwa phula, ku Dedza kunali bambo wina, a Kachingwe, amene ankatsitsa tomato pa pikapu kukagulitsa ku Golomoti. Anali munthu waliwiro. Ankati tomato sadikira munthu. Anali ndi ana atatu: Ndaziona, Limbikani ndi Kondwerani.

Tsiku lina Ndaziona, mwana wawo woyamba, wamkazi, anakwera nawo. Pamtsetse anamva fungo la chinthu chopserera, ndipo anaona phazi la bambo ake likuponda buleki kawirikawiri galimoto osamva. Atafika kunyumba anatenga makiyi n'kuwamanga pansonga ya chitenje.

"Ndikalipireni mmene mungathere, bambo," anatero, "koma makiyiwa simuwaona mpaka mabuleki asinthidwe."

Tomato anawolera m'madengu. Bambo ake anasiya kumuyankha moni, koma iye sanamasule mfundo.

Limbikani, wachiwiri, ankachita kabaza wa njinga yamoto. Anagulitsa njingayo n'kukwera basi ya ku Lilongwe. Ogulitsa anamuonetsa mapadi a mabuleki akale opakidwa penti kuti aoneke atsopano, iye anakana. Anayenda shopu ndi shopu mpaka anapeza madisiki ochindikala, mapadi osafooka akatentha, ndi makalipa akuluakulu, zitsulo zija zimapana disiki kuti tayala liime.

Kondwerani, chitsiriza, anali makaniko. Anamanga zonsezo, anachotsa mpweya m'mapaipi, n'kuthira mafuta a mabuleki atsopano. Apo Ndaziona anamasula mfundo ija n'kumupatsa makiyi. Bambo ake atatambasula dzanja kuti alandire makiyi, iye anati, "Dikirani, bambo. Ngati ndalakwitsa penapake, zionekere pa ine." Anadzaza matumba a mchenga kumbuyo, natsika phiri la Khwekhwerere yekha. Pobwera anamangitsa nati imodzi yomwe inali itayamba kumasuka.

Sabata yotsatira a Kachingwe anatsika ndi katundu wodzaza, liwiro lawo lomwe lija. Atangokhota pakona, anapeza ngolo itathyoka tayala pakati pa msewu, ana asukulu ataizungulira. Kumanzere kunali thanthwe, kumanja phompho. Anaponda buleki. Galimoto inalira, madengu anagubuduka, koma inaima. Mtsikana wina mwa ana aja anangotambasula mkono n'kugwira bampala.

A Kachingwe anatsika n'kukhala pansi m'mbali mwa msewu. Madzulo anaitana ana awo.

"Ine chiwongolero ndasiya," anatero. "Galimotoyi ndipatsa amene wandipulumutsa. Koma ndi imodzi, ndipo siidulidwa patatu."

Ndaziona anati, "Ndikanapanda kulanda makiyi, palibe akanaganiza zokonza."

Limbikani anati, "Achemwali, makiyi saimitsa galimoto. Zitsulo zinabwera ndi ine, ndipo lero ndikuyenda pansi."

Kondwerani anati, "Zitsulo za m'katoni sizigwira tayala, achimwene. Komanso amene anayamba kutsika phirilo ndine."

A Kachingwe anayang'ana uyu, nayang'ana uyo.

Tsono inu mwamva nkhaniyi, tiuzeni: galimotoyi apatsidwe ndani, wolanda makiyi, wogulitsa njinga, kapena womanga mabuleki?